Mkamwini Amene Ankapatuka Pamzere

Pakhoma lalikulu la Nkhokwe ya Mawu ku Mponela, timagetsi tinkayaka ndi kuzima ngati ziphaniphani, ndipo kagetsi kalikonse kanali munthu amene abale ake anamulira kale n'kumuika m'manda. Kakayaka, ndiye kuti mwini wake akuganiza kapena akuyankhula. M'mawa umenewo kagetsi kena ka pakona kankayaka mosalekeza, chifukwa m'kachipinda kochezera munali mkulu wina wa ku Madisi amene ankakangana ndi mkazi wake, womwalira dzinja lapitalo, pa nkhani ya mbewu ya mtedza.

"Ndinakuuzani kuti ili m'chigubu chobiriwira chija," anatero malemuwo kuchokera m'khoma, mawu ali mbee ngati akhala pakhonde. "Vuto lanu mukamafuna chinthu mumayang'ana ndi pakamwa."

Mkuluyo anatuluka akuseka, uku akupukuta misozi ndi chipewa.

Dziko linali litafika pamenepo. Munthu akadwala mwakayakaya, madokotala ankamuveka chisoti cha mawaya n'kukopera zonse za m'mutu mwake: mawu, zokumbukira, nthabwala, ngakhale makani. Thupi likapita kumanda, zokoperazo ankazidzutsa mu Nkhokwe, ndipo anthu otere ankatchedwa osungidwa. Wosungidwa ankatha kumva nkhani zatsopano n'kuzisunga, koma khalidwe lake silinkasunthanso. Wouma mutu ankakhalabe wouma mutu, ndipo abale amene ankayembekeza kuti imfa ifewetsa munthu ankabwerako atagwira njakata.

Ubongo wa makinawo unadzaza chipinda chonse chapansi, komabe sunkatha kuganizira anthu onsewo nthawi imodzi. Unkapatsa munthu kampata kochepa kuposa kuphethira kwa diso, n'kupita kwa wina. Wogawa mipatayo anali pulogalamu yotchedwa Kapitawo, ndipo amene anamuphunzitsa kuwerengera anali Mwandida Kachiwanda, mayi wamfupi, woyenda mofulumira, amene sankakonda kufotokoza chinthu kawiri.

Kwa alendo ankafotokoza motere. Wosungidwa akafuna kuganiza amaima pamzere. Kapitawo amayang'ana mzerewo mosalekeza, ndipo amene wamupeza ataimapo amamuwonjezera mulingo, kutanthauza kukula kwa ntchito imene munthuyo akufuna kwa ubongo. Amene palibe pamzere amamuyesa wogona, ndipo mulingo wake umatsika ndi theka, pakapita nthawi n'kutsikanso ndi theka la thekalo. Wa mulingo waukulu amalandira mipata yambiri. Wa mulingo wochepa amapetedwa: Kapitawo amataya zokumbukira zimene munthuyo sanazikhudze kwa nthawi yaitali, kuti malowo apite kwa ena. Mulingo ukatheratu kagetsi kamazima, ndipo sipatsalanso choti n'kudzutsa.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," ankamaliza choncho Mwandida, alendo n'kugwedeza mitu.

Chimene chinamutchukitsa kwenikweni chinali magulu. Poyamba osungidwa onse ankaima pamzere umodzi, ndipo olongolola a m'tauni ankadya mipata ya anthu ofatsa a kumudzi. Mwandida anawagawa monga momwe anthu a kwawo amakhalira, gulu lililonse mbumba imodzi: mayi, ana ake, ana a ana ake aakazi, ndi amuna okwatira pamenepo. Mbumba iliyonse inali ndi gawo lake la ubongo ndi mzere wakewake. Anaikanso lamulo loti makina azilandira mawu a anthu a mbumba yomweyo basi, kuti zinsinsi za pabanja zisamayende m'misika. Anthu anamutamanda pa wailesi, ndipo iyenso mumtima ankadziwa kuti wagwira ntchito yabwino.

Mwamuna wake, Levisoni, amene aliyense ankangomutcha a Mbewe, anali telala wa ku Malomo ku Ntchisi. Anabwera chikamwini kwawo kwa Mwandida ali mnyamata, ndipo anakalambira pomwepo osakula mwendo ngakhale tsiku limodzi. Anali munthu wakale wobadwa mochedwa. Anzawo anali atasiya kalekale zothawa apongozi, ena mpaka kukwezana nawo panjinga, koma a Mbewe akaona a Esinati, amayi a Mwandida, akubwera panjira, ankalowa m'udzu n'kuima atayang'ana kumbali mpaka adutse, buluku lonse mame okhaokha. Panali mwambo woti apongozi apereke nkhuku kuti manyaziwo athe, anthu ayambe kupatsana moni pamaso. Ankangoti chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka matenda a chiwindi anawatenga a Mbewe nkhukuyo ikadali m'khola.

Mwandida anawaika mu mbumba yake. Akanawaikanso kuti munthu amene anamanga nyumba ndi kubereka ana pamenepo? Mchemwali wawo wa a Mbewe, Felesiya, anang'ung'udza kuti munthu akafa ndi wa kwawo, koma ataona maso a mlamu wake anasiya. Chaka choyamba chinali ngati banja silinathe. Masana aliwonse, anzake akupita kokadya, Mwandida ankalowa m'kachipinda, kuvula nsapato, n'kuyamba kuwauza a Mbewe zonse: kuti denga layamba kudontha, kuti mwana wawo wa ku Zomba wanenepa, kuti telala watsopano wamuonongera nsalu. A Mbewe ankafunsa mmene wadulira m'khwapa, akamva n'kuusa moyo.

Kenaka a Esinati nawonso anamwalira, ndipo analowa mu mbumba yomweyo monga tsinde lake. A Esinati ali moyo ankayankhula ndi nkhuku pakasowa munthu, ndipo imfa inangowachotsera kutopa. Zidzukulu zinkawaimbira kuchokera mbali zonse, za maukwati, za malire a munda, za mwana wotentha thupi. Pakapanda woimba ankakamba okha nkhani za m'chaka cha njala. Kagetsi kawo sikankazima.

Patapita miyezi, Mwandida anayamba kuona kuti a Mbewe akuchedwa kuyankha. Tsiku lina anawakumbutsa za sukulu imene a Mbewewo anaphunzira ali mwana, ndipo iwo anati dzinalo lawathawa. Mwandida anatuluka opanda nsapato, anakatsegula chithunzi cha mulingo wawo. Mzera wake unali kutsetsereka ngati njira yopita kudambo, ndipo unkangotukuka pang'ono masana, nthawi imene iye ankabwera kudzacheza. Anabwerera m'kachipinda.

"A Mbewe, bwanji simukuima pamzere?"

"Ndimaimatu, Nankhoma." Ndi mmene ankamutchulira, dzina la mfunda wake. "Kungoti kuno kuli ngati kanjira ka m'munda, kopapatiza. Ndikangoima ndimamva amayi akubwera."

"Ndiye?"

"Ndiye ndiime nawo phewa ndi phewa? Ndimapatuka kuti adutse."

"Amayi sadutsa, a Mbewe. Akafika kutsogolo amazungulira n'kubweranso."

A Mbewe anaseka, kuseka kwawo kwa pansipansi kuja. "Eya, mphamvu zilipo mwa amayi."

"Musaseke. Kapitawo akakupezani palibe pamzere amayesa mukugona. Akuchepetsa mulingo wanu, ndipo wayamba kale kukupetani. Mukapitiriza chonchi muzima."

"Muuzeni mnyamata wanuyo kuti sindikugona ayi. Ndikungopereka ulemu."

"Mawu amenewo sawadziwa," anatero Mwandida. "Sindinamuphunzitse."

Anawachonderera. Anawauza kuti kumeneko kulibe maso, kulibe udzu, kulibe woti n'kuwaseka. A Mbewe anavomera zonse, chifukwa sanali munthu wokana mkazi wake, ndipo analonjeza kuti ayesa. Mawa lake mzera uja unali utatsikanso. Iwo anapepesa kuti anaimadi, koma atangomva mawu a apongozi miyendo inapatuka yokha. Mwandida sanawakalipire. Iye yemwe ndiye ankauza alendo kuti wosungidwa sasintha khalidwe, ndipo tsopano mawuwo anamuwawa ngati wawamva koyamba.

Anapita kwa amayi ake.

"Amayi, mukamva kuti a Mbewe ali pafupi muziwaitana, muziwauza kuti adutse."

"Ine ndiitane mkamwini? Ndimutchule kuti ndani? Iwe Mwandida, sukulu inakuchotsa manyazi onse eti?" A Esinati anatsokomola ngakhale analibe chifuwa. "Munthu uja zaka zonsezi sanandiyang'anepo kumaso. Anzanga ankandichitira nsanje. Ndiye lero ndikamuchotse ulemu wake ndi pakamwa panga?"

"Akuzima, amayi. Akamakupatukirani makina akumawayesa ogona."

Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni, a Esinati anatsitsa mawu.

"Ndiye kuti ndine ndikumupha?"

"Ayi, amayi."

"Usandinyengerere ngati mwana. Chabwino, nditseka pakamwa. Ndikhala phee pakona, iye adutse mmene akufunira."

Ananena ndi mtima wonse, ndipo anapiriradi mpaka dzuwa litapendeka. Kenaka mdzukulu wa ku Kasungu anaimba kuti khanda lake likukana bere, ndipo a Esinati sakanatha kumva zimenezo n'kukhala chete. Atatha kuyankha za khandalo anakumbukira khanda lina la kale, nkhani n'kuyambiranso. Mwandida sanawaimbe mlandu. Ankawakonda onse awiri, ndipo zinamupweteka kuona kuti palibe amene walakwa.

Anatsikira ku chipinda chapansi kwa Alufeyo Kanyenda, mnzake wa pantchito, amene ankayang'anira ubongo. Alufeyo anali munthu wamtali, wosafulumira pa chilichonse, ndipo ankayankhula ngati akusankha nyemba. Anafufuza limodzi m'mbumba zina, ndipo zimene anapeza zinawaopsa. A Mbewe sanali okha. M'magulu ambiri munali akamwini, atengwa ndi ana amasiye oleredwa ndi ena, anthu amene anazolowera kudya pomaliza, ndipo onsewo milingo yawo inali kutsetsereka mwakachetechete.

"Tiyenera kusintha kawerengedwe," anatero Mwandida. "Kapitawo azisiyanitsa wogona ndi wopatuka. Wopatuka aziwerengedwa ngati ali pamzere."

"Zimenezo ndi zoona, Mayi, ndipo tichita. Koma mukudziwa nokha kuti kukhudza Kapitawo n'kukhudza osungidwa a dziko lonse. Tikalakwitsa pang'ono tizimitsa midzi yathunthu. Bungwe lidzafuna tiyese kaye, ndipo kuyesako sikutha mvula isanagwe."

"A Mbewe safika mvula."

"Ndaona."

"Ndiye nditsegulireni mbumba yanga, ndiwakwezere mulingo ndi dzanja. Kamodzi kokha."

Alufeyo anayang'ana pansi. "Loko ameneyo munaika ndinu, Mayi, ndipo munati asatsegulidwe ngakhale kwa inuyo, kuopa kuti akuluakulu angamakwezere abale awo. Kiyi wake kulibe. Paja mbalame ikatera pauta siilasika."

Mwandida anakhala pampando. Makina ankalira pansipansi, mphepo yoziziritsa ikumuomba m'mapazi.

"Njira ilipo imodzi," anatero Alufeyo patapita nthawi. "Asamutseni apite ku mbumba ya kwawo ku Malomo. Kumeneko si mkamwini. Ndi malume, ndi mwini mbumba. Palibe woti amupatukire."

Sanafunike kunena zotsatira zake. Kusamutsa wosungidwa kunkachitika ngati kusudzula: ankhoswe a mbali zonse akhale pansi, avomereze kuti banja latha, munthu abwerere kwawo. Zikatero Mwandida sakanakhalanso wa mbumba imodzi ndi a Mbewe, ndipo makina sakanalandiranso mawu ake. Kuti mwamuna wake akhale, iye anayenera kumutaya. Anayesa kaye kumabwera kuchipinda m'mawa ndi madzulo omwe, koma pakati pa maulendo akewo theka linkadya theka, ndipo mzera unkatsikabe. Potsiriza anatumiza mawu ku Malomo.

Felesiya anabwera ndi ankhoswe. Anali mayi wa thupi, wa mawu aakulu, koma tsiku limenelo sanakweze mawu. Anagwira dzanja la Mwandida n'kunena kuti, "Alamu, musade nkhawa. Achimwene tikawasamala. Kwathu tilipo ambiri, sadzasowa wocheza naye." Mwambo utatha, anthu anatuluka kuti Mwandida atsanzike.

"Mukundithamangitsa, Nankhoma?" anafunsa a Mbewe. "Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe chilichonse. Simunalakwepo n'kale lonse, ndiye vuto lanu." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Kwanu mukakhala malume. Mukayankhula poyamba ndinu, ana a achemwali anu akakugwadirani. Mukakhala ndi moyo, a Mbewe."

"Kwathu," anatero pang'onopang'ono, ngati akulawa mawuwo. "Ndipo inu muzibwera masana?"

"Sindidzatha."

"Oo." Kenaka anafunsa kuti, "Denga lija munakonzetsa?"

"Ndinakonzetsa."

"Chabwino. Mukanena inu, ndipita."

Mwandida anayesa kuti kuchedwa kwawo pa mawu oti kwathu chinali chisoni chabe. Za sukulu yoiwalika ija anazikumbukira, koma anadziuza kuti munthu akafika kwawo zinthu zimabwerera zokha, akangomva mawu a abale ake. Munthu akafuna chinthu ndi mtima wonse amadziuza zambiri. Alufeyo anadina batani, kagetsi kamodzi kanazima kumanzere kwa khoma n'kuyaka kumanja, ndipo Mwandida anavala nsapato zake n'kupita kunyumba.

Kuyambira tsiku limenelo sankadutsanso pakhoma lija. Ankalowera khomo lakumbuyo, n'kutsikira pansi, n'kumira m'ntchito yophunzitsa Kapitawo kuona opatuka. Masana ankakhala pampando wake chakudya chili chitsekere. Alufeyo anamuuza kuti kagetsi ka a Mbewe kakuyaka bwino, abale akubwera mizeremizere kudzawalonjera, ndipo Mwandida anati asamuuzenso zina, zimenezo zamukwanira.

Felesiya anaimba foni tsiku lina m'mawa, mitambo itayamba kusonkhana.

"Alamu, ndakhala ndikuopa kukuuzani. Achimwene sakutidziwa."

"Mukuti chiyani?"

"Akunditcha mayi. Ine, amene ndinawabereka kumsana. Ndikawatchulira mudzi akuti zikomo, ndi mudzi wabwino. Ana anabwera kudzagwada, iwo n'kuwafunsa kuti kodi eni ake pano ndani. Anthu zawapweteka, alamu, asiya kubwera. Ndatsala ndekha, ndipo ine ndikangoti ndicheze pang'ono akutsanzika, akuti asanditayitse nthawi."

Mwandida anathamangira kukhoma. Kagetsi kanali kofiirira ngati khala la dzulo. Anatsegula chithunzi cha mulingo, ndipo zonse zinamuonekera nthawi imodzi. Miyezi yonse ija a Mbewe akupatukira apongozi, timipata tochepa timene ankapeza ankatigwiritsa ntchito kuganiza za iye, za nyumba yawo, za ana awo. Zimenezo ankazikhudza tsiku ndi tsiku, ndiye Kapitawo anazisiya. Zimene anapeta zinali zosakhudzidwa: Malomo, amayi awo owabereka, Felesiya, ubwana wonse. Mwandida anali atatumiza kwawo munthu amene analibenso kwawo. Ku mbumba ya Mwandida ankapatukira munthu mmodzi, koma ku Malomo ankadziona mlendo pamudzi wa eni, ndipo ankapatukira aliyense, ngakhale amayi awo amene anali osungidwa momwemo. Ndipo masana panalibenso wobwera kudzatukula mzera uja.

"Abwezeni," anauza Alufeyo.

"Popanda ankhoswe makina sakuvomera, Mayi. Itanani anu, ine ndiimbira a ku Malomo. Mukapita pamaso mwina afulumira."

Anakwera basi yodziyendetsa yokha, imene sinkadziwa kuti munthu ali pachangu, ndipo inkaima paliponse pamene pali wokwera. Nkhoswe wa ku Malomo anali atapita kumaliro kuseri kwa phiri, ndipo anatuma anthu kukamuitana. Podikira, Felesiya anamutenga Mwandida n'kulowa naye m'kachipinda kochezera kamene Nkhokwe inaika pamsika wa ku Malomo. Mwandida ankatha kumva zotuluka m'khoma monga aliyense wokhala m'chipindamo, koma makina ankasefa mawu ake n'kuwataya, monga momwe iye mwini analamulira.

"Achimwene," anaitana Felesiya. "Alamu abwera."

Panapita nthawi yaitali. Mawu atabwera anali ochepa ngati ochokera tsidya la munda.

"Zikomo, mayi. Ali kuti? Sindikuwamva."

"A Mbewe, ndine," anatero Mwandida. "Ndili pano." Anagwira khoma ndi manja onse awiri.

"Ali pompano," anatero Felesiya. "Akuyankhula, kungoti makina sakulola. Akulira, achimwene."

"Nankhoma akabwera amayankhula okha, sasowa womasulira. Musandinyengerere, mayi. Ndine mlendo pano, koma si ine mwana."

"Auzeni za diresi la buluu," anatero Mwandida mofulumira. "Limene anasoka dzanja lina lalitali, ine n'kulivala choncho kutchalitchi kuti asachite manyazi. Palibe wina akudziwa."

Felesiya ananena zonse. M'khoma munamveka kuseka kwa pansipansi, kofooka.

"Anakuuzani zimenezo? Ndiye kuti mumagwirizana. Ndi munthu wabwino, kungoti amafulumira. Mukawaona muwauze kuti sindinapite patali. Ndili pambali pa njira, pomwe anandisiya. Eni mudzi akatha kudutsa, ndibwera."

"Achimwene, mudziwu ndi wanu. Imani panjira, chonde."

"Aa, mayi, mlendo satero. Ndisakutayitseni nthawi, pali ena akudikira."

Felesiya anaitananso, n'kuitananso. Ankayankha mwaulemu, mawu awiri atatu, n'kutsanzika. Mwandida anaitana mpaka mawu anasasa. Anawatchula dzina lawo lenileni, Levisoni, limene sanalitchulepo pamaso pa anthu chikwatiwire, ndipo makina analitaya ngati phokoso la panja. Anakhala pansi pa simenti, Felesiya n'kukhala naye, amayi awiri akuluakulu atatsamirana m'kachipinda kopapatiza, kunja anthu akuitanira malonda a tomato.

Nkhoswe anafika dzuwa likupendeka, thukuta lili kamukamu, nsapato m'manja. Asanakhale n'komwe pansi, foni ya Mwandida inalira. Anali Alufeyo. Sananene zambiri, anangoti, "Mayi, pepani," ndipo Mwandida anadziwa kuti kagetsi ka a Mbewe kazima.

Maliro achiwiri alibe mwambo. Panalibe thupi loti n'kusambitsa, panalibe manda oti n'kukumba, ndipo anthu sankadziwa ngati ayenera kubwera kudzakhuza. Mwandida analira kuposa poyamba paja, chifukwa poyamba anali ndi koti n'kupita masana. Atalira anabwerera kuntchito, popeza panali ena pakhoma amene anali asanazime.

Kawerengedwe katsopano kanayamba kugwira ntchito chimanga chili m'mawondo. Tsiku limene Kapitawo anayamba kuwerenga opatuka, khoma lonse linawala mpaka ogwira ntchito anatuluka m'maofesi kudzaona. Timagetsi timene aliyense ankatiyesa ta anthu okonda tulo tinayaka nthawi imodzi, ndipo mulingo wa dziko lonse unakwera pafupifupi kawiri, moti anachita kuitanitsa ubongo wina. Palibe amene ankaganiza kuti anthu oima pambali angachuluke chotero. Mabanja anamva mawu a atengwa ndi akamwini amene anali asanayankhulepo chisungidwire. A wailesi anabweranso kudzafuna Mwandida, koma iye anawatumiza kwa Alufeyo.

Masana a tsiku limenelo analowa m'kachipinda kwa amayi ake. A Esinati sanayambe ndi nkhani monga mwa masiku onse.

"Kuno njira yakula, mwananga," anatero. "Kale ndikamayenda ndinkamva ngati udzu wagwedezeka pambali, ndiye ndinkadziwa kuti mkamwini wanga alipo, ndipo ndinkayenda mowongoka. Pano ndimangodutsa, kuli zii. Sindinamuuzepo kuti ndinkamumva."

"Akanachita manyazi, amayi."

"Eya. Akanachita manyazi."

Anakhala limodzi onse awiri, wamoyo ndi wosungidwa, mpaka nthawi ya nkhomaliro inatha. Mwandida anatuluka, anadutsa pansi pa khoma lowala lija osayang'ana kumanja, n'kutsikira ku ntchito yake. Makina anali ataphunzira, ngakhale mochedwa, chinthu chimene ife amoyo timachiiwala m'nyumba zathu zomwe: kuti munthu amene sapempha malo si kuti sawafuna.